Phunziro: Za Thandizo Lomangira Nyumba Popanda Kutha Mitengo

Pa nyengo ya chilimwe, munthu woyenda m'midzi ya ku Nsaru ndi ku Kabudula aona mauvuni a njerwa ali kufuka utsi. Ena mwa mauvuniwo ndi a Akhristu ofuna kumanga tchalitchi, sukulu kapena nyumba ya mphunzitsi. Cholinga chao n'chabwino ndithu, koma uvuni uliwonse udya mitengo ikuluikulu, ndipo pamene anakumba dothi patsala maenje osalimika. Nanga m'dera la fodya, m'mene zigafa zinatha kale mitengo yambiri, nkhuni zidzachokera kuti?

M'chaka cha 2015 Papa Francis analemba kalata yotchedwa Laudato Si', yochenjeza anthu onse kuti asamale dziko. Ndipo m'chaka cha 2018 Boma la Malawi linaika lamulo loletsa njerwa zootcha pomanga nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda. M'malo mwake zilipo njerwa za simenti, ndiponso za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zimene azitsendereza m'makina, naziumitsa pamthunzi pozithirira madzi, osayatsa moto konse.

Chovuta n'chakuti simenti ndi makina n'zodula, chimodzimodzinso magetsi a dzuwa ndi thanki yosungira madzi a padenga. Apa mpamene pafunika thandizo la ndalama zosabweza, limene lisiyana ndi ngongole. Thandizo lochokera kutali si lachilendo kuno, pakuti chipatala cha St Gabriel ku Namitete chinayambidwa m'chaka cha 1959 ndi asisteri ochokera ku Luxembourg. Masiku ano lilipo thumba la GEF Small Grants Programme, loyendetsedwa ndi UNDP, limene lipatsa mabungwe osachita malonda ndi magulu a m'midzi ndalama pa ntchito zosamala chilengedwe. Pa za chitukuko, Eklezia m'Malawi ali ndi bungwe lake la CADECOM, kumene parishi ingakafunse nzeru.

Tsono ofuna thandizo akumbuke zinthu zinayi izi.

Choyamba: opereka sapatsa munthu mmodzi, koma gulu lodziwika, lokhala ndi komiti ndi buku la ku banki.

Chachiwiri: pempho lilembedwe momveka, lonena chimene afuna kumanga, mtengo wake, ndi umo chidzapulumutsire mitengo kapena madzi.

Chachitatu: eni ake asonkhe zimene angathe, monga mchenga, miyala ndi ntchito ya manja ao, pakuti wothandiza asenzetsa yekhayo amene wayamba kunyamula.

Chachinayi: tambala iliyonse ilembedwe, ndi malisiti asungidwe. Ndalama za denga sizigula chakudya cha pamsonkhano. Gulu limodzi likadya ndalamazo, litsekera khomo midzi yonse yoyandikana nalo.

Chimene ambiri aiwala ndi ichi: thandizo lidza kamodzi, koma nyumba ikhala zaka zambiri. Mabatire a magetsi a dzuwa afooka patapita zaka zowerengeka, thanki nayo iyamba kudontha, ndipo woperekayo sabwera kudzakonza. Chifukwa chake mpingo wanzeru uyamba thumba lokonzera zinthuzo tsiku lomwe ulandira makiyi.

Mafunso okambirana m'miphakati: Kodi njerwa za tchalitchi cha m'mudzimo zinatha mitengo ingati? Nanga yabzalidwa ingati m'malo mwake? Ndani asunga buku la ndalama, ndipo aliwerenga liti pamaso pa onse?