Mnzako wa bizinesi akadya ndalama, maloya alipidwa ndi ndani?

Mu 1998 anthu atatu ochita malonda mumzinda wa Los Angeles, m'chigawo cha California ku America, anasonkherana ndalama kuti akonze nyumba ina mumsewu wa East 5th Street n'kuika anthu a lendi. Mmodzi analowa m'mgwirizanowo kudzera m'kampani yake ya Siry Investment, ndipo gawo lake linali pafupifupi 40 pa 100 alionse. Iye anangoika ndalama. Kuyendetsa mgwirizanowo kunali m'manja mwa kampani ina yomwe mkulu wake anali mmodzi mwa anzake awiriwo.

Malinga ndi zomwe khoti linalandira pambuyo pake, zinthu zinayamba kupotoka mu 2003. Anzake aja anatsegula kampani ina yapadera, nauza anthu a lendi kuti azilipira kumeneko. Ndalama zomwe zinkayenera kulowa m'thumba la onse atatu zinayamba kukhotera kumbali. Zogula zawo za iwo eni ankazilemba ngati zowonongedwa pa bizinesi. Ankamuonetsa mnzawoyo lendi yochepa ndi zolipira zochuluka, iye n'kumalandira kagawo kochepa osadziwa kuti akudyeredwa masuku pamutu.

Siry Investment inasuma mu 2007, ndipo mlandu unazengedwa mu 2009. Odandaula anapambana, koma khoti la apilo linafafaniza chigamulocho ponena kuti sichinafotokoze bwino amene ayenera kulipira. Mlandu unabwerera poyambira. Apa osumiridwawo anadzikumbira okha dzenje. Khoti linawalamula kangapo kuti atulutse zikalata ndi mabuku a ndalama, iwo n'kumazengereza, mpaka woweruza anatopa nawo. Anafafaniza mayankho awo onse n'kuwatenga ngati anthu amene sanabwere kudzadziteteza. Pomalizira pake ndalama zomwe khoti linapeza kuti zinasowadi sizinafike ngakhale dola 1 miliyoni. Koma bilu ya maloya a odandaula inali pafupifupi madola 4 miliyoni. Akulu anati mlandu suwola, ndipo pamene ukudikira osawolawo maloya amakhala akuwerenga maola awo.

Funso lomwe linatsala linali la biluyo. Kwathu ku Malawi, monganso ku Zambia ndi ku Britain, tinazolowera kuti woluza mlandu nthawi zambiri amauzidwa kubweza gawo la zomwe wopambana wawononga pa mlanduwo. Ku America si choncho. Lamulo lawo lofala ndi lakuti aliyense alipire loya wake, wapambana kapena waluza, pokhapokha pakhale lamulo lapadera kapena pangano lolembedwa lonena zina. Munthu akhoza kupambana mlandu wa madola 100,000 atalipira loya madola 150,000, n'kubwerera kunyumba ali wosauka kuposa mmene anapitira. N'chifukwa chake maloya a kumeneko amafunafuna lamulo lililonse lomwe lingasenzetse biluyo mbali inayo.

Ku California lamulo lotere lili m'buku la malamulo a milandu ya upandu, Penal Code, gawo 496. Gawoli limaletsa kulandira, kubisa kapena kukaniza mwini wake katundu yemwe ukudziwa kuti ndi wakuba. Mu 1972 aphungu anawonjezerapo ndime yolola munthu woberedwa kusuma payekha kuti alandire katatu ndalama zomwe wataya, kuphatikizapo zolipira kukhoti ndi zolipira maloya. Omwe analimbikira kuti ndimeyi ikhalepo anali eni magalimoto onyamula katundu, amene ankavutika ndi mbava zoba katundu paulendo n'kukagulitsa kwa anthu ogula zakuba. Choncho osumiridwa pa mlandu wa Siry anati lamuloli silikuwakhudza. Iwo sanathyole thiraki ya munthu, anangosemphana ndi mnzawo pa kagawidwe ka phindu. Khoti la apilo linagwirizana nawo mu 2020 n'kuchotsa zonse ziwiri zomwe khoti loyamba linapereka, za katatu zija ndi za maloya.

Mu Julayi 2022, patatha zaka 15 chisumire, Khoti Lalikulu la California linatembenuza chigamulo chimenecho. Linati mawu a lamulo ndi omveka: akunena katundu wopezedwa m'njira iliyonse yomwe ndi kuba, ndipo kupatutsa mwachinyengo ndalama za mgwirizano ndi kuba ndithu. Wochita zimenezi akhoza kulipira katatu, n'kulipiranso maloya a mnzake amene anamubera.

Ine ndimaona kuti khotili linagamula bwino. Amene wagwira mabuku a bizinesi ya anthu awiri kapena atatu wagwira chikhulupiriro cha anzake, ndipo mnzake amene sakhala pa kauntala alibe njira ina yodziwira zoona kupatula zomwe akuuzidwa. Bodza lotchuka lomwe munthu wotere amadziuza ndi lakuti, “Ndalamazi ndi zanganso, ndikungotengako gawo langa msanga.” Amayamba ndi kulipira fizi ya mwana pa khadi la kampani, mawa mafuta a galimoto ya mkazi wake, mkuja wauza kasitomala kuti, “Tumizani ku akaunti iyi, inayo ili ndi vuto.” Malamulo a masiku ano salola chodzikhululukira chimenechi. La m'chigawo cha Florida limanena mosabisa kuti katundu amakhalabe wa munthu wina ngakhale wotengayo ali ndi gawo pa katundu yemweyo. Kukhala mwini wa theka la sitolo sikukupatsa ufulu wotsegula kabati ya ndalama usiku. Abale athu amene atsegulira limodzi kampani yosamalira okalamba, yoyeretsa m'maofesi kapena yonyamula katundu ku America, nthawi zambiri ndi mnzawo wa kutchalitchi kapena mlamu wawo, ali pansi pa malamulo omwewa.

Koma chenjezo lalikulu ndi la munthu winayo, woberedwa kapena amene akuganiza kuti waberedwa. Iye akamva za katatu ndi za maloya aulere mtima umathamanga. Amalowa mu ofesi ya loya atakwiya, mawu ali amodzi: “Ameneyu ndi wakuba, lembani choncho.” Oweruza omwewo a ku California anachenjeza kuti si mkangano uliwonse wa malonda umene uli kuba. Kulephera kukwaniritsa pangano si kuba. Kunena chinthu chomwe pambuyo pake chapezeka kuti sichinali choona, koma unachinena ukukhulupirira, si kuba. Pafunika umboni wakuti munthuyo anali ndi cholinga chakuba, chomwe chija amafuna pa mlandu wa upandu. Mnzako amene anagula katundu wosayenda malonda n'kuluzitsa bizinesi angakhale wosasamala, koma khoti silimutcha mbava chifukwa cha zimenezo. Mwayi wa wodandaula ku California ndi wakuti ndime ya maloyayo imatchula woberedwa yekha. Ukawoloka malire a chigawocho, nkhani imasintha.

Ku Texas kuli lamulo lotchedwa Texas Theft Liability Act. Silipereka katatu. Limapereka zomwe wataya ndi chowonjezera chosapitirira madola 1,000. Pa za maloya limati aliyense wopambana pa mlandu wa pansi pa lamuloli apatsidwe zolipira kukhoti ndi zolipira maloya. Aliyense, kutanthauza kuti wosumiridwa akapambana, wodandaula ndiye amalipira. Woweruza alibe mpata womvera chisoni, ndipo zilibe kanthu kuti unasuma ndi mtima woona. Makhoti a apilo kumeneko agamulapo kuti wosumiridwa amene wapambana pa mfundo ya kuba amalandira ndalama za maloya pa mfundo imeneyo ngakhale ataluza pa mfundo zina za mlandu womwewo. Taganizirani mayi amene wasumira mnzake pa zinthu zitatu: kuphwanya pangano, kusakhulupirika pa udindo, ndi kuba. Khoti lapeza kuti pangano linaphwanyidwadi, koma cholinga chakuba sichinatsimikizike. Mayiyo wapambana, komabe atuluka m'khoti ali ndi ngongole kwa loya wa munthu amene anamulakwira. Mu 2019, pa mlandu wa kampani ya Agar Corporation, Khoti Lalikulu la Texas linati ngakhale wosumiridwa amene wapulumuka chifukwa chakuti wodandaula anachedwa kusuma amawerengedwa kuti wapambana, ndipo ayenera kulipiriridwa maloya.

Florida ili pakati. Gawo 772.11 la malamulo ake limapereka katatu, kapena madola 200 ngati zotayikazo ndi zochepa kwambiri, pamodzi ndi zolipira maloya ku khoti loyamba ndi la apilo. Koma umboni wake uyenera kukhala womveka ndi wokhutiritsa kuposa umene umafunika pa milandu wamba ya ndalama. Ndipo khoti likapeza kuti wodandaula anabweretsa mlandu wa kuba wopanda maziko okwanira m'zochitika kapena m'malamulo, wosumiridwa ndiye amalandira za maloya. Lamuloli limaletsanso woweruza kuganizira ngati wolipirayo angakwanitse kapena ayi. Kudandaula kuti ndine wosauka sikuthandiza. Makhoti a ku Florida amakananso kusandutsa ngongole wamba kukhala kuba. Pakakhala pangano pakati pa awiriwo, zomwe zachitika ziyenera kupitirira kungolephera kulipira, ndipo ndalama zomwe akuti zabedwa ziyenera kukhala zolozeka, monga cheke chakutichakuti kapena ndalama zomwe zinasungidwa padera pa ntchito yodziwika.

Pali msampha wina umene anthu ambiri sauona. Ngati bizinesi inalembetsedwa ngati kampani, ndalama za mu akaunti ndi za kampaniyo, si za eni ake. Woberedwa ndi kampani. Nthawi zambiri mwini gawo amayenera kusuma m'malo mwa kampani, ndipo zobwezedwazo zimalowa m'thumba la kampani lomwe wosumiridwayo alinso ndi gawo. Amene wasuma m'dzina lake pomwe anayenera kusuma m'dzina la kampani akhoza kuona mlandu wake ukutayidwa usanafike pa umboni.

Lamulo la ku Florida lili ndi kachitseko kamodzi komwe ndimakakonda. Munthu asanasume ayenera kulembera mnzakeyo kalata yofuna ndalamazo, zowerengedwa katatu, ndi kumupatsa masiku 30. Wolandira kalatayo akalipira m'masiku amenewo amapatsidwa chikalata chomumasula ku mlandu wa ndalama pa nkhani imeneyo, ndipo bilu ya maloya imathera pomwepo isanakule. Masiku 30 amenewa ndi othandizanso kwa wolemba kalatayo. Ndi nthawi yokhala pansi ndi masitetimenti a kubanki, malisiti ndi mauthenga a pa foni, kulemba tsiku ndi tsiku ndalama iliyonse yomwe inatuluka, kumene inapita ndi amene anasaina. Ndi nthawinso yowerenga pangano lomwe munasainirana potsegula bizinesi, chifukwa mwina muli ndime yonena kuti woluza adzalipira maloya a wopambana, ndime yomwe palibe anaiwerenga tsiku lachisangalalo lija. Zikatero mufunseni loya wanu funso lomwe anthu okwiya amaliiwala: “Tikalephera kutsimikiza kuti anaba, ine ndidzalipira ndani, ndipo zingati?” Yankho akulembereni papepala musanamulole kuika mfundo ya kuba m'chikalata chosumira.