Mtengo wa Msilikali pa Nkhondo ya pa Tebulo

Anzanga ambiri amati masamu alibe nchito kunja kwa kalasi. Tiyeni tione m'mene amathandizira pa masewera a nkhondo ya tidole.

M'caka ca 1913 Mngelezi wina, H. G. Wells, analemba buku lochedwa Little Wars, lofotokoza malamulo omenyera nkhondo ndi tiasilikali ta mtovu. Masewera otere alipobe. Ena ndiwo Warhammer 40,000, amene anayamba m'caka ca 1987. Anthu awiri amandandalika tidole pa tebulo, naponya madayisi kuti aone ngati cipolopolo calasa. Msilikali ali yense ali ndi mtengo wace wa mapointi, ndipo osewerawo amapangana ciwerengero cimodzi, monga 2,000, kuti ali yense "agule" naco gulu lace. Mtengo ukalakwika, wina wapambana asanayambe n'komwe, ndipo mnzace sadzafunanso kusewera.

Nanga mtengowo tiupeza bwanji? Tiyese kuti msilikali wamba aombera kamodzi, nagwa akalasidwa kamodzi, ndipo mtengo wace ndi mapointi 10. Tsono pali ngwazi yoombera kawiri, imene siigwa kufikira italasidwa kawiri. Wofulumira adzati, "2 kuculukitsa ndi 2 ndi 4, cotero ngwaziyo ikhale ya mapointi 40." Koma taganizani bwino. Ndi mapointi 40 mnzanu agula asilikali wamba anai, oombera kanai, ofuna zipolopolo zinai kuti athe. Ngwazi ija ingalimbe pamenepo? Iai. Olingana nayo ndi asilikali awiri okha, pakuti iwonso aombera kawiri, natha ndi zipolopolo ziwiri. Mtengo wace ndi 20.

Cifukwa cace anacilongosola F. W. Lanchester m'caka ca 1916: pa nkhondo ya mfuti, gulu likaculuka kawiri mphamvu yace ikula kanai, popeza mfuti zaculuka ndiponso ofunika kuwagwetsa aculuka. Lamulo lathu tsono ndi ili: culukitsani kuombera ndi kulimba, ndipo funani nambala imene, poiculukitsa ndi iyo yomwe, ibala yankho lanulo. Nambalayo muiculukitse ndi 10. Msilikali woombera kawiri koma wogwa ndi cipolopolo cimodzi apatsa 2. Nambala yace ndi pafupi 1.4, mtengo wace 14.

Komabe masamu satha zonse. Awiri aja akalasidwa kamodzi, mfuti imodzi yatha. Ngwazi ikalasidwa kamodzi iomberabe kawiri. Cotero iyenera kukwerako pang'ono. Liwiro ndi kutalika kwa mfuti nazonso zisintha mtengo. N'cifukwa cace opanga masewerawa amayesa posewera kambiri, nakonza mitengo pambuyo pace.

Nali funso la inu a Fomu 2: mzinga uombera kasanu ndi katatu, nuonongeka ukalasidwa kawiri. Mtengo wace ndi mapointi angati? Perekani mayankho anu kwa Mkonzi.