Wachibale Akavulala Ubongo: Zoyenera Kuchita Pakhomo

Ngozi ya kabaza imachitika m'kanthawi kochepa, koma banja limatha kuilipira kwa zaka zambiri. Bala la pamutu limapola, ulusi n'kuchotsedwa, pomwe ubongo umene unagwedezeka kapena kukha magazi umachira pang'onopang'ono, ndipo nthawi zina subwerera mwakale. Wovulalayo amasiya ntchito, womusamalira nayenso amasiya geni ndi munda, motero khomo limaluza pawiri. Banja likachita zinthu mwadongosolo kuyambira tsiku loyamba, mtolowu umapepukako.

Musadikire kuti kuche

Munthu akamenyetsa mutu, thamangirani naye kuchipatala ngati anakomoka, akusanza mobwerezabwereza, mutu ukukulirakulira, akusinza kosadzutsika bwino, akulankhula zosokonekera, akuphupha ngati wakhunyu, kapena akutuluka magazi kapena madzi m'khutu ndi m'mphuno. Pomunyamula, mutu ndi khosi zisapindike. Musamupatse mowa, asipirini kapena bulufeni, chifukwa mankhwala awiriwa amawonjezera kukha kwa magazi. Panado ndiye woyenera. Akabwezedwa kunyumba, wina agone naye pafupi usiku woyamba, popeza magazi amatha kuundana m'chigaza mwakachetechete n'kumafinya ubongo munthu akuoneka bwinobwino. Ovulala kwambiri amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kuli sikani ya mutu ndi madokotala a opaleshoni ya ubongo. Ndalama ya galimoto usiku womwewo ndi yochepa poyerekeza ndi kusamalira munthu wolumala moyo wake wonse.

Sungani pepala lililonse

Lembani nambala ya galimoto kapena njinga yamoto, tengani lipoti la apolisi ndi la dokotala, ndipo sungani buku la kuchipatala ndi malisiti onse mu envelopu imodzi. Lamulo likuti galimoto ndi njinga yamoto iliyonse ikhale ndi inshulansi yolipira anthu amene yawavulaza, koma popanda mapepala chipukutamisozi sichituluka. Wovulalira pantchito amatetezedwa ndi lamulo la chipukutamisozi cha ogwira ntchito la chaka cha 2000, choncho kaoneni a ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Ngati simungathe kulipira loya, pitani ku Legal Aid Bureau. Musafulumire kulandira kandalama ka "tingokambirana" dokotala asananene kukula kwa vuto.

Khalani pansi muwerengere ndalama

Chipatala cha boma n'chaulere, koma thiransipoti, chakudya cha gadiyani, mankhwala ogula ku famase ndi maulendo obwerera kwa dokotala zimadya ndalama mwezi ndi mwezi. Itanani abale sabata yoyamba yomwe. Munthu mmodzi wodalirika asunge kope la zolowa ndi zotuluka, ndipo abale akutali azitumiza pa Airtel Money kapena Mpamba pa nambala imodzi. Pewani katapila. Yambani mwafunsa thumba la zadzidzidzi ku banki mkhonde, kumpingo kapena kumzikiti. Munda, makina osokera ndi njinga ya geni musagulitse mothamanga, chifukwa ndizo zidzadyetse banja matenda akatalika.

Sinthanani pomusamalira

Mutu umodzi susenza denga. Nthawi zambiri ntchito yonse imagwera mayi mmodzi, kapena mtsikana amene amamusiyitsa sukulu. Gawanani masiku osambitsa, odyetsa ndi operekeza kuchipatala. Wosatha kudzuka muzimutembenuza pa maola 2 aliwonse kuti asachite zilonda, ndipo muzimudyetsa atakhala tsonga kuti asatsamwe. Masewera olimbitsa thupi amene achipatala akuphunzitsani muzimuchititsa tsiku lililonse. Funsaninso za malo ophunzitsa olumala kuyenda ndi kudzithandiza, monga Kachere ku Blantyre.

Mvetsani kusintha kwa khalidwe

Bambo wofatsa amatha kuyamba kupsa mtima msanga, kuiwala za m'mawa womwewu kapena kulankhula zochititsa manyazi. Anthu amati walodzedwa kapena wapenga, ndipo mbuzi zimathera kofufuza amene wamulodza, chonsecho gwero lake ndi ubongo wovulala. Mulankhuleni mofatsa, nkhani imodzi pa nthawi, muchepetse phokoso, ndipo mumulembere zochita pa pepala. Ana muwafotokozere kuti bambo awo sakuwada. Ngati anapatsidwa mankhwala a khunyu, asasiyidwe popanda dokotala. Asamwe mowa, ndipo asayendetse njinga kapena galimoto mpaka achipatala atavomereza. Akayamba kukamba zodzipha, kauzeni achipatala tsiku lomwelo.

Tetezani otsala

Bungwe la WHO likuti helemeti yabwino, yovalidwa moyenera, ikhoza kuchepetsa chiopsezo cha kuvulala ubongo mpaka ndi 74 peresenti. Ngati pakhomo panu pali woyendetsa kabaza kapena wokwera tsiku ndi tsiku, muguleni helemeti yomukwana, ndipo muumirire kuti azimanga lamba wake pachibwano ngakhale ulendo utakhala wofika pamsika pokha.