KHOKA LIMODZI, MANJA AMBIRI

Inu makatekisiti ndi atsogoleri a m'midzi, phunziro lathu la lero likunena za gulu: chimene chimalimbitsa anthu akasonkhana pa ntchito imodzi, ndi chimene chimawafooketsa. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa nkhaniyi si yachilendo. Khoka silikokedwa ndi munthu mmodzi, ngalande ya mpunga ku Likangala kapena ku Domasi siyeretsedwa ndi khasu limodzi, ndipo mphunzitsi saima pamaso pa mwana mmodzi koma pa kalasi lathunthu. Makolo anati mutu umodzi susenza denga, ndipo sananame. Komabe tonse taona kuti mitu yambiri nayo imagwetsa denga ikasenza mosamvana. Kwa zaka zoposa 100 anthu ophunzira akhala akufufuza chifukwa chake. Tiyeni timve zimene anapeza, kenaka tiziyese ndi mbiri ya nyanja yathu.

1. Ulesi wobisala pakati pa ambiri

M'chaka cha 1913 Max Ringelmann, mphunzitsi wa zaulimi wa ku France, anasindikiza zimene anapeza poyesa mphamvu za anthu okoka chingwe. Anayamba wayesa munthu aliyense payekha, pambuyo pake anawaika awiriawiri, atatuatatu, mpaka anthu 8 pa chingwe chimodzi. Anaona kuti gulu likamakula, mphamvu imene munthu aliyense amapereka imachepa, kotero kuti pa anthu 8 aliyense ankakoka ndi pafupifupi theka la mphamvu zake. Mbali ina ya kuchepaku imabwera chifukwa anthu sakoka nthawi imodzi. N'chifukwa chake okoka khoka amafuna wina wotsogolera mawu kuti manja onse agwe pamodzi. Koma ofufuza ena a ku America, m'zaka za m'ma 1970, anaonetsa kuti palinso chifukwa cha mumtima: munthu akadziwa kuti ntchito yake sidzaoneka payokha, amaleka kudzipereka, ngakhale iye mwini osazindikira. Ndipo akadziwa kuti gawo lake lidzadziwika, ulesi uja umatha.

Apa pali nzeru ya mphunzitsi. Mukafunsa ana 60 funso limodzi, nayankha onse pamodzi mokweza, musakondwere msanga. Mwina odziwa ndi 10 okha, ena angotsatira phokoso. Agaweni m'timagulu ta ana asanu, aliyense akhale ndi gawo lake loti afotokoze.

2. Mantha a kusiyana ndi anzathu

M'chaka cha 1951 Solomon Asch, wa ku America, ankaitana anthu angapo m'chipinda, n'kuwaonetsa mizere yojambulidwa pa pepala kuti anene wofanana kutalika ndi unzake. Yankho linali loonekeratu. Koma onse, kupatula mmodzi, anali atapangana naye mseri kuti nthawi zina aziyankha zolakwika. Kodi wotsala uja anakhulupirira maso ake? Pa mayankho atatu alionse, pafupifupi limodzi linatsata bodza la gulu, ndipo anthu atatu mwa anayi anagonja kamodzi kapena kuposapo. Koma taonani ichi: pamene Asch anaika m'chipindamo munthu mmodzi yekha wonena zoona, kugonja kuja kunachepa kwambiri. Mnzako mmodzi amakwanira kukubwezera mtima.

Motero pa msonkhano anthu akangovomera onse mofulumira, mtsogoleri wanzeru asathamangire kuwomba m'manja. Kukhala chete si kuvomera. Kwathu kuno mwana sayankha mkulu atalankhula, ndipo mkamwini satsutsa mwini mudzi. Ulemu umenewu ndi wabwino, koma ungathe kukwirira choonadi. Chifukwa chake wapampando azilankhula potsiriza, ayambe wamva achinyamata, amayi ndi obwera, ndipo wonena zosiyana ndi anzake athokozedwe poyera.

3. Lamulo lopangana pamodzi

Kurt Lewin anathawa ku Germany m'chaka cha 1933 napita ku America, ndipo ambiri amamutcha tate wa maphunziro a magulu. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse nyama inachepa, ndipo boma linafuna kuti mabanja azidya zam'kati mwa ng'ombe, monga mtima ndi impso, zimene ambiri ankanyansidwa nazo. Amayi ena anangouzidwa ndi katswiri ubwino wake. Ena anakhala pansi, nakambirana zovuta zawo, nasankha okha kuyesa. Mwa ouzidwa aja, atatu okha pa 100 alionse ndiwo anaphikadi. Mwa okambirana aja, anali 32 pa 100. Mawu anali ofanana, koma enawa anawasandutsa awoawo.

Tsono tiyang'ane kwathu. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ndi yosaya; mvula ikavuta zaka zotsatana imaphwa, monga inachitira mu 1968, mu 1995, ndiponso mbali yake yaikulu mu 2018. Madzi akatha, matemba, makumba ndi milamba yotsala imabisala m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjayi, monga Likangala, Domasi ndi Phalombe. Imeneyo ndiyo mbewu ya nsomba zam'tsogolo. Mu 1995 mafumu pamodzi ndi a nthambi ya boma yoona za nsomba anakhazikitsa makomiti a m'midzi kuti ateteze maiwewo kwa othira katupe ndi okoka makoka. Pamenepo tsoka linali limodzi, loonekera kwa aliyense, ndipo anthu anagwirizana. Madzi atabwerera ndi nsomba zomwe, ntchito inapitirira ndi makomiti a m'madoko, ndipo lamulo la dziko la 1997 linavomereza kuti anthu a m'midzi athandizane ndi boma posamala nsomba.

Koma ofufuza, mmodzi wa iwo Friday Njaya wa ku nthambi ya za nsomba, anaonetsa pambuyo pake kuti mphamvu zambiri zinatsalira m'manja mwa mafumu ndi ena osapha nsomba, pamene asodzi enieni, makamaka a makoka oyenda doko ndi doko, anali ndi mawu ochepa. Nanga msodzi wogona m'chimbowera pakati pa mabango, amene sanaitanidwe popangana za nyengo yotseka nyanja, adzasunga bwanji lamulolo pamene palibe womuona? Mayi Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2009, anafufuza nkhalango, madambo ndi malo ophera nsomba m'maiko ambiri, ndipo anapeza zofanana: chuma cha onse chimasungika kumene omangidwa ndi lamulo ali nawo polipanga, kumene olondera amayankha kwa eni ake, kumene chilango chimayamba chaching'ono n'kumakula kwa wobwereza, ndiponso kumene milandu imaweruzidwa msanga ndi pafupi.

4. Gulu lochiritsa mtima

Gulu silithandiza pa ntchito pokha. M'chaka cha 1905 dokotala wina wa ku Boston, Joseph Pratt, anayamba kusonkhanitsa odwala chifuwa chachikulu kuti awaphunzitse kudzisamala, ndipo anaona kuti odwalawo ankalimbikitsidwa kwambiri poona ndi kumva anzawo. Kuchokera pamenepo aphungu anaphunzira kuti munthu wosweka mtima amayamba kuchira akazindikira kuti sali yekha m'vuto lake. Taziona ndi maso athu m'magulu a okhala ndi kachilombo ka HIV, ndiponso m'miphakati pamene amasiye akambirana. Koma gulu lotere limaima pa mwala umodzi, ndiwo chinsinsi. Zonenedwa m'bwalo zikamveka pa chitsime kapena pa doko la Kachulu, mawa palibe adzatsegule pakamwa.

Zoti tisunge

Choyamba, gulu likhale laling'ono ndithu kuti wosowa adziwike, ndipo aliyense akhale ndi ntchito yotchulidwa dzina. Chachiwiri, wamkulu alankhule potsiriza. Chachitatu, lamulo lipangidwe pamodzi ndi amene adzalisenze, ngakhale kutero kutenge masiku. Chachinayi, ndalama za gulu ziwerengedwe poyera, koma zowawa za mumtima zisungidwe m'chinsinsi. Nyanja yaphwapo kangapo pa moyo wa akuluakulu amene tili nawo, ndipo ingathe kuphwanso. Tsikulo likadzafika, midzi imene inaphunzira kumvana madzi akadalipo ndiyo idzasunge mbewu ya nsomba.

Mafunso okambirana

1. M'gulu lanu ndani amene sanalankhulepo pa misonkhano itatu yapitayi, ndipo n'chifukwa ninji?
2. Ndi lamulo liti limene anthu akwanu amaliphwanya kawirikawiri? Kodi analipanga ndani, ndipo ndani sanaitanidwe?
3. Ntchito ikalephereka, kodi mungathe kudziwa gawo limene linasiyidwa ndi amene analipatsidwa?