Mayeso a CCNA Akasintha, Wophunzira Acite Ciani?

Masiku ano anyamata ndi atsikana ambiri a m'midzi amapita m'tauni kukaphunzira za makompyuta. Ena mwa iwo amasankha nchito yolumikiza makompyuta, kuti makina a mu ofesi, a m'banki kapena a m'cipatala azitha kutumizirana mauthenga. Pofunafuna nchito yotere, kawirikawiri munthu amafunsidwa setifiketi ya CCNA. Setifiketi imeneyi imaperekedwa ndi kampani ya ku America yochedwa Cisco, imene imapanga makina ochedwa router ndi switch. Mayeso ace amalembedwa pa kompyuta kwa mphindi 120, ndipo m'caka ca 2024 mtengo wace unali madola 300 a ku America. Wolephera akafuna kuyesanso alipiranso ndarama zomwezo. Kwa kholo limene lagulitsa fodya kapena ng'ombe kuti lilipirire mwana, izi si ndarama zoseweretsa ai.

Bvuto lace ndi ili: makina amasintha, ndipo Cisco nayo imasintha silabasi ya mayesowo. Wophunzira wosachera khutu angathe kutha miyezi yambiri akuwerenga zinthu zimene sadzafunsidwa.

Zimene zinacitika mu 2020

Kale munthu anali kutha kulemba CCNA m'zigawo ziwiri, ICND1 ndi ICND2. Wokhoza cigawo coyamba anali kulandira setifiketi yaing'ono yochedwa CCENT. M'mwezi wa June 2019 Cisco inalengeza kuti tsiku lotsiriza kulemba mayeso akalewo lidzakhala 23 February 2020, ndi kuti kuyambira m'mawa mwace padzakhala mayeso amodzi okha, a nambala 200-301. Anthu anapatsidwa miyezi isanu ndi itatu.

Amene anamaliza zigawo zonse ziwiri tsikulo lisanafike analandira CCNA yatsopano osalembanso kanthu. Koma amene anali ndi ICND1 yokha, nazengereza, cigawo caoco sicinawerengedwe pa mayeso atsopano. Anayenera kulemba 200-301 yonse monga munthu woyamba kumene.

Zofunsidwa nazo zinasintha. Njira zina zimene ma router amapezera kopita mauthenga, monga EIGRP, zinacotsedwa, ndipo inatsala ya OSPF. M'malo mwace munalowa za Wi-Fi, za kucinjiriza makina kwa akuba, ndi za kuyendetsa makina ambiri ndi pulogalamu imodzi. Buku labwino la mu 2018 linasanduka losakwanira.

Pa 20 August 2024 mayeso anasinthanso, koma pang'ono. Nambala inakhala yomweyo, anangoonjezerako kuti v1.1. Munalowa mafunso a AI, ndipo pulogalamu yochedwa Terraform inalowa m'malo mwa Puppet ndi Chef. Kusintha kotere kumanyenga koposa kwakukulu kuja, cifukwa pacikuto pa buku lakale ndi pa latsopano palembedwa 200-301 yemweyo.

Ndandanda ya Cisco

Cinthu coyamba cimene wophunzira ayenera kukhala naco si buku ai, koma ndandanda ya zofunsidwa imene Cisco imaika pa intaneti kwaulere. Ndi masamba owerengeka cabe. Aisindikize, ayang'ane nambala yace, kenaka aiyale pambali pa buku lace ndi kuconga mzere ndi mzere: ici ciri m'buku, ici mulibe. Zimene ziri m'buku koma m'ndandanda mulibe azisiye kaye, ngakhale zikhale zokondweretsa.

Ayang'anenso mau oyamba a mzere uli wonse. Pamene alemba kuti "describe" afuna kuti munthu athe kufotokoza cinthuco. Pamene alemba kuti "configure" afuna kuti acicite ndi manja ace pa makina. Kusiyana kumeneku nkwakukulu, pakuti coyamba cingaphunziridwe madzulo amodzi, koma caciwiri cifuna masabata. Wopanda ndarama zogulira router angagwiritse nchito Packet Tracer, pulogalamu yaulere ya Cisco yofanizira makinawo pa kompyuta.

Ndandandayo inenanso kulemera kwa mutu uli wonse. Pa 200-301, mutu wa kayendedwe ka mauthenga pakati pa ma router unapatsidwa magawo 25 pa 100, pamene wa kuyendetsa makina ndi pulogalamu unapatsidwa 10 okha. Ambiri akamva kuti kwabwera zatsopano amathamangira zatsopanozo ndi mantha, naiwala mutu wolemera kwambiri umene unalipo kale.

Kuthamangira akale kapena kudikira atsopano

Apa wophunzira asadzinamize. Ngati watsiriza pafupifupi buku lonse, ndipo akukhoza bwino mayeso oyeserera, alembe akalewo. Setifiketi yace idzakhala ndi mphamvu zaka zitatu monga ya wina ali yense, ndipo wolemba anthu nchito safunsa nambala ya mayeso. Koma asasankhe sabata lotsiriza, cifukwa malo olembera amadzaza, ndiponso wolephera amauzidwa kudikira masiku asanu asanayesenso. Asiye mpata wa mwezi wathunthu.

Ngati ali pakati pa buku, ndipo masiku atsala ocepa, asathamange. Atembenukire ku ndandanda yatsopano tsiku lomwelo.

Buku lakale asalitaye, pakuti maziko a nchitoyi sasintha. Masamu ogawa maadiresi, ochedwa subnetting, ali monga analiri kale. Mwacitsanzo, gulu la 192.168.1.0/24 liri ndi maadiresi 256. Likagawidwa ndi /26 lituluka magulu anai a maadiresi 64, ndipo m'gulu liri lonse makompyuta angalandire 62 okha, cifukwa adiresi yoyamba ndi yotsiriza ziri ndi nchito zina. Wodziwa kuwerengera izi m'mutu msanga amapulumutsa mphindi zambiri m'cipinda ca mayeso.

Pali anthu ena ogulitsa mafunso amene amati ndi eni eni a m'mayeso. Cisco imaletsa zimenezi ndipo ingathe kumlanda munthu setifiketi. Ndiponso silabasi ikasintha, mafunso oterewo ndiwo ayamba kutha nchito, koma wogulitsayo sanena. Kholo limene mwana walipempha ndarama za buku kapena za sukulu yamadzulo lingathe kumfunsa zinthu ziwiri: nambala ya mayeso amene adzalemba, ndi caka cimene bukulo linasindikizidwa.