Phunziro 14: Mphasa ya pa zenera

Sukulu ina ya ku Chiuta ili pafupi ndi nyanja. Cipinda ca kalasi yoyamba cili ndi mazenera atatu. Mazenerawo alibe magalasi.

M'mwezi wa Okutobala dzuwa limalowa pa zenera. Ana amatsinzina, saona bwino pa bolodi. M'mwezi wa Juni mphepo ya mwera imalowa, ana amanjenjemera. Koma vuto lalikulu ndi mvula. Tsiku lina usiku mvula inagwa ndi mphepo. M'mawa ana anapeza mabuku atanyowa. Mabukuwo anali ocepa kale, buku limodzi ana atatu.

Mtsikana wina anakauza agogo ake aamuna. Agogowo amasoka mphasa.

"Agogo, mabuku athu anyowa. Zenera lilibe cotsekera."

"Usadandaule mdzukulu wanga. Bango lilipo lambiri ku nyanja."

Agogo anapita ku sukulu ndi ndodo. Anayeza zenera m'litali, kucokera pamwamba kufika pansi. Anayezanso m'lifupi, kucokera mbali iyi kufika mbali inayo. Mbali iliyonse anawonjezera cikhatho cimodzi.

"Mwawonjezeranji, agogo?"

"Mphasa ikalingana ndi zenera ndendende, mvula imalowera m'mbali. Mphasa izikula, zenera lizicepa."

Agogo anadula bango ku nyanja ya Chiuta. Analing'amba, naliyanika pa dzuwa. Litauma, analisoka ndi cingwe ca khonje. Mphasa zitatu zinatha.

Tsiku lopacika linafika. Agogo anacedwa ku munda. Anyamata a kalasi yacisanu anati, "Tipacika tokha." Anapacika mphasa imodzi, bango litaimirira. Anayesa kuikulunga kuti ikwere. Mphasa inakana. Bango lina linathyoka.

Agogo atafika anaseka.

"Ana inu, bango silipindika pakati. Ligoneni copingasa. Likagona, mphasa imakulungika ngati mmene mumaikulungira m'mawa mukadzuka."

Tsono agogo anayamba nchito, ana akuona.

Coyamba anamanga nsungwi kumutu kwa mphasa. Iyi ndi nsungwi ya pamwamba. Ndiyo imanyamula mphasa yonse. Anamanganso nsungwi ina kumunsi. Iyi ndi nsungwi ya pansi. Imalemeretsa mphasa kuti iwongoke, mphepo isamaiulutse.

Mphunzitsi anabweretsa misomali ndi nyundo. Koma khoma la sukuluyo ndi la zidina. Msomali sugwira pa cidina, umazuka. Conco agogo anamangirira nsungwi ya pamwamba ku mapaso a denga. Anaipacika kunja kwa zenera, osati mkati. Mphasa ikakhala kunja, madzi amatsetsereka nagwera pa bwalo. Ikakhala mkati, madzi amagwera m'kalasi momwemo.

Kenaka anatenga zingwe ziwiri zazitali. Cingwe ciliconse anacimanga pa nsungwi ya pamwamba. Anacitsitsa kumbali ya kunja, nacipititsa pansi pa mphasa, nacikweza kumbali ya zenera, nacikoloweka pa nsungwi yomweyo. Nsonga zake zinalendewera m'kalasi.

"Koka, mdzukulu wanga."

Mtsikana uja anakoka. Mphasa inakulungika, inakwera. Kuwala kunalowa. Anasiya cingwe pang'onopang'ono. Mphasa inatsika. Ana onse anawomba m'manja.

Pomaliza agogo anakhoma cikhomo ca mtengo pa khoma, pamwamba ndithu. Anazengereza zingwe pa cikhomoco.

"Aphunzitsi, zingwe zisamalendewere pansi. Mwana wamng'ono akhoza kudzikola nazo m'khosi."

Mawu ndi mayina

Mawu akuti zenera anacokera ku Cipwitikizi. Apwitikizi amati janela. Chulani mawu awiriwa. Kodi mukumva kufanana kwake?

Anthu ena amachinga zenera ndi nsalu. Amayi amadula kapulana, nabenda mpendero, nalowetsamo cingwe kapena waya. Kuno ku Mozambique nsalu yotere ambiri amaichula kortina. Kutsidya kwa nyanja, ku Malawi, amati katani. Cinthu ndi cimodzi, mayina ndi awiri. Nsalu imachinga dzuwa ndi maso a anthu odutsa. Mvula ayi, nsalu imanyowa.

M'maofesi ena a m'tauni, monga ku Cuamba kapena ku Lichinga, muli cochinga cina. Dzina lake ndi persiana. Cimapangidwa ndi tizitsulo topyapyala kapena tapulasitiki, togona copingasa ngati bango la agogo. Naconso cimakwera ndi kutsika ndi cingwe. Cimagulidwa ndi ndalama, ndipo cikathyoka n'covuta kukonza kumudzi.

Kwa makolo

Mphasa imachinga dzuwa, mphepo ndi mvula, koma siletsa udzudzu. Udzudzu umalowa m'mipata ya bango, ndipo m'mbali mwa nyanja ulipo wambiri. Ana azigonabe m'masikito usiku uliwonse. Mphasa ikanyowa, muisiye yotsika mpaka iume. Mukaikulunga yonyowa imacita nkhungu, cingwe cimawola. Muziyang'ananso ciswe pa nsungwi.

Werengani ndi kulemba

zenera, bango, mphasa, nsungwi, cingwe, cikhomo

ze – ne – ra
ba – ngo
mpha – sa

kweza – tsitsa
mkati – kunja

Mafunso

1. Kodi mabuku ananyowa cifukwa ciyani?
2. Anyamata analakwitsa ciyani popacika mphasa?
3. Nsungwi ya pansi imagwira nchito yanji?
4. Mphasa imodzi ili ndi nsungwi 2. Mphasa 3 zili ndi nsungwi zingati?

Nchito ya kunyumba

Werengani mazenera a nyumba yanu. Funsani amayi kapena atate dzina la cimene amatsekera zenera. Jambulani zeneralo m'kope lanu, mubwere nalo mawa.