Ufa wa Galasi mu Konkire: Nkhani Ili pa Kagayidwe

M'nkhani ino ndifotokoza mmene mabotolo otayidwa amalowera m'malo mwa gawo lina la simenti posakaniza konkire. Mfundo yanga ndi yakuti galasi lomwelo likhoza kulimbitsa chomangidwa kapena kuching'amba, ndipo chosiyanitsa ziwirizi ndi kagayidwe kake.

Tiyambe ndi chifukwa chimene anthu akufunira kuchepetsa simenti. Popanga simenti, miyala ya laimu amaiwotcha m'ng'anjo yotentha madigiri pafupifupi 1,450. Miyalayo ikamapsa imatulutsa mpweya wa kaboni dayokisaidi, nawonso malasha osonkhezera ng'anjoyo amatulutsa wawo. Mwa mpweya wonse wamtunduwu umene ntchito za anthu zimatulutsa padziko, pafupifupi magawo 8 pa 100 alionse amachokera ku simenti.

Akatswiri amaika ufa wa galasi m'gulu la zinthu zotchedwa pozolana. Kwa ife ophunzira ziyankhulo, mawu amenewa ali ndi mbiri yokoma, chifukwa anachokera ku Pozzuoli, dzina la tauni ya kufupi ndi Naples ku Italy, kumene Aroma akale ankatapa phulusa la mapiri ophulika n'kulisakaniza ndi laimu pomanga. Pozolana payekha sagwira. Koma simenti ikakumana ndi madzi imasiya laimu wina amene sathandiza kwenikweni pa kulimba kwa konkire. Tsono mu galasi la botolo, magawo pafupifupi 70 pa 100 ndi silika, yemweyo amene ali mumchenga, kungoti wa m'galasi sachedwa kugwirizana ndi zinthu zina. Silikayu akakumana ndi laimu wotsala uja amapanga chomatira chonga cha simenti, chimene chimatsekanso timabowo ta m'konkire kuti madzi ndi mchere zisalowe msanga.

Zonsezi zimatheka pokhapokha galasilo litagayidwa n'kusalala ngati simenti yeniyeniyo. Likatsala la misere, zinthu zimatembenuka. Timibulu tikuluti timadyana pang'onopang'ono ndi michere ya alikali ya m'simenti n'kupanga chinthu chonanda chimene chimamwa madzi, kufufuma, n'kuyamba kukankha konkire kuchokera mkati. Ming'alu yake imadzaoneka patapita zaka, mmisiri atalandira kale malipiro ake. Motero woganiza zosinja mabotolo mumtondo kuti apulumutse thumba limodzi la simenti, ndingamuuze kuti aleke, pakuti mtondo sungafikitse galasi pamene likufunika.

Ngakhale ufa wogayidwa bwino uli ndi khalidwe lake. Konkire yake imachedwa kukhwima: pa masiku 7 oyamba imakhala yofookerapo, koma pofika miyezi itatu imaipeza konkire wamba, mwinanso kuipitirira. Mmisiri wothamangira kuchotsa matabwa ogwiriziza ayenera kudziwa zimenezi.

Kumene ntchitoyi yaonekera bwino ndi m'chigawo cha Quebec ku Canada. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Sherbrooke, motsogozedwa ndi Pulofesa Arezki Tagnit-Hamou, anathandizidwa ndi SAQ, kampani ya boma yogulitsa vinyo m'chigawocho, imene mabotolo ake ndi osawerengeka. M'zaka za 2020 ndi 2021 mzinda wa Montreal unamanganso milatho iwiri ya Darwin pachilumba cha Île des Sœurs, ndipo ufa wa galasi unalowa m'malo mwa magawo 10 pa 100 a simenti. Mabotolo a vinyo pafupifupi 70,000 anathera m'milathoyi. M'chaka cha 2020 momwemo bungwe la ASTM la ku America linatulutsa muyezo wa C1866 wonena za ufa woyenera kulowa m'konkire.

Ine ndimaona kuti mbali yovuta si ya sayansi ayi, koma yosonkhanitsa ndi kukonza mabotolowo. Chigayo chake chimadya magetsi ambiri, ndipo botolo lililonse liyenera kutsukidwa lisanagayidwe, chifukwa shuga wotsalira wa zakumwa, ngakhale wochepa, amachedwetsa simenti kugwira.